Kukumba mtengo kuthengo kapena pabwalo kuti ukhale bonsai

Funso ili ndalimva kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri limabwera mochedwa. Munthu amanditumizira chithunzi cha kamtengo kali m'mbale yokongola, masamba atayamba kale kufota, n'kufunsa kuti, "Ndinakumba sabata yatha, nditani kuti kasafe?" Pofika pamenepo zambiri zimakhala zitawonongeka kale. Ndiye ndaganiza zolemba zonse pamodzi, kuti wina akafunsanso ndizingomuuza kuti awerenge apa asanagwire khasu.

Tigwirizane kaye pa mawu angapo. Bonsai ndi mawu a Chijapani otanthauza chomera chobzalidwa m'mbale, ndipo lusoli linachokera ku China komwe amalitcha penjing. Si mtundu wa mtengo ayi. Ndi mtengo wamba umene wasungidwa waung'ono poudulira nthambi ndi mizu. Mtengo wokumbidwa kuthengo amautcha yamadori, kutanthauza wotengedwa kuphiri. Nebari ndi mizu yoonekera pamwamba pa dothi, imene imayala kuzungulira tsinde ngati zala. Jin ndi nthambi youma yopanda makungwa, pomwe shari ndi mzere wouma wotsika pathunthu.

Anthu amakumba chifukwa cha thunthu. Nthambi mungazipange nokha m'zaka zochepa, koma thunthu lonenepa, lopindika, la makungwa okhakhala, limafuna zaka makumi angapo. Kamtengo komera pathanthwe, komwe mbuzi zakhala zikukadya nsonga ndipo mphepo yakhala ikukapinda, kanachita kale ntchito imene inuyo simungaimalize m'moyo wanu wonse.

1. Pemphani chilolezo

Palibe mtengo wopanda mwini. Ngati si wa munthu ndiye kuti ndi wa boma kapena wa anthu a m'deralo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani a zankhalango komanso mwini malo. Ku Britain, lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuzula chomera chilichonse chakuthengo popanda chilolezo cha mwini malo. Ku America, nkhalango zina za boma zimapereka chikalata cholola munthu kukumba mitengo yowerengeka, koma m'malo otetezedwa otchedwa national park saloleza n'komwe. Mukafuna kuwolotsa mtengo malire a dziko, pali malamulo a matenda a zomera, ndiponso pangano la CITES, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1975 poteteza zamoyo zimene zili pafupi kutha.

Malamulowa sanangobwera. Ku Japan, mitengo ya shimpaku, mtundu wa juniper (mtengo wobiriwira chaka chonse wonga mkungudza) womera m'maphompho a madera monga Itoigawa ku Niigata, anaikumba mpaka inatsala pang'ono kutheratu m'mapiri. Anaimaliza ndi anthu omwe ankaikonda.

Pempho lanu likhale lomveka: mtengo uti, tsiku liti, ndipo mulonjeze kukwirira dzenje.

2. Yambani ndi mitengo imene anthu akufuna kuitaya

Ngati simunakumbepo mtengo n'kuuona ukuphukira, musayambire kuphiri. Mtengo wa zaka 100 si wophunzirirapo. Yang'anani mpanda wakale wa maluwa umene mwini wake akufuna kuuzula, chitsa chimene chikuphukira m'mbali mwa munda, kapena malo amene akulambula kuti amangepo nyumba. Mitengo yotereyi ikanafa ndithu, ndiye ngakhale mulephere simunawononge kanthu. Komanso ya pabwalo yakhala ikuthiriridwa ndi kudulidwa kawirikawiri, motero mizu yake imakhala pafupi ndi tsinde.

Mitundu ina imapirira kwambiri. Mkuyu, kachere ndi abale awo onse, bougainvillea, azitona, privet (chitsamba chodzala ngati mpanda) ndi elm (mtengo wa kumaiko ozizira) mungazidule kwambiri koma zimaphukirabe. Paini ndi juniper n'zovuta, zimafuna munthu wodziwa kale. Mitengo ya masamba akuluakulu isiyeni, chifukwa masambawo sadzachepa mokwanira kuti agwirizane ndi msinkhu wa mtengo.

Posankha, maso anu akhale pamunsi. Thunthu likhale lonenepa pansi n'kumaonda pokwera, likhale lokhota pang'ono, ndipo kukongola kwake kukhale pa masentimita 30 kapena 40 oyambirira. Zonse za pamwamba apo mudzazidula. Chinanso, mtengowo ukhale wathanzi. Mtengo wa masamba achikasu, wa nsonga zouma kapena wodyedwa ndi chiswe mkati, sudzachira chifukwa choti mwausamutsa.

3. Fukulani muone mizu musanatsimikize zokumba

Apa ndi pamene mtima umalimbana ndi mutu. Madzi ndi chakudya cham'nthaka sizilowa kudzera m'mizu ikuluikulu ija. Zimalowa kudzera m'timizu tating'ono ngati tsitsi. Mizu ikuluikulu ntchito yake ndi kugwiriziza mtengo ndi kusunga chakudya. Mukabwera kunyumba ndi mizu itatu yonenepa ngati dzanja koma yopanda timizu, mwabwera ndi nkhuni.

Chotsani masamba ouma ndi dothi lapamwamba ndi manja kapena kakhasu. Onani ngati pali timizu pafupi ndi tsinde. Kenako gwirani thunthu muligwedeze. Ngati dothi lonse lozungulira likugwedezeka limodzi ndi mtengo, monga zimachitikira mtengo ukamera m'kabowo ka thanthwe modzaza dothi, zili bwino, umenewo ungatuluke ndi mizu yake yonse. Koma ngati wangoti gwa, muzu wake utalowa mumng'alu wa mwala, timizu take tili kutali komwe simungafikeko. Bwezerani dothi, jambulani chithunzi, muusiye. Mwa mitengo yokongola imene ndimaiona kuthengo, yambiri ndimaisiya pa chifukwa chimenechi.

Ngati chimene mwakonda ndi nthambi imodzi kapena nsonga, palinso njira yosafuna kukumba. Chotsani khungwa kuzungulira nthambiyo, m'lifupi mofanana ndi kunenepa kwake, mupale mpaka poterera ponse patachoka. Kulungani ndere zonyowa za sphagnum pabalapo, mumange ndi pulasitiki. Mizu imatuluka pamwamba pa bala, ndipo ikadzaza mumadula m'munsi mwake n'kubzala. Kachere ndi mkuyu zimatha kuchita zimenezi m'miyezi iwiri kapena itatu ya nyengo yofunda. Paini amachedwa, nthawi zina amakaniratu.

4. Dikirani nyengo yake

Nthawi yabwino ndi pamene mtengo ukudzuka, mphukira zitatupa koma zisanatseguke. Pamenepo chakudya chonse chimene unasunga chikadali m'thunthu ndi m'mizu, ndipo ulibe masamba ambiri otaya madzi. Kumaiko kozizira nthawi imeneyi ndi kumapeto kwa chisanu. Kumadera otentha, mitengo yoyoyola masamba ikumbeni kumapeto kwa chilimwe isanaphuke, ndipo yokonda kutentha monga mkuyu ikumbeni usiku ukayamba kufunda. Nthawi yoipitsitsa ndi pamene masamba atsopano angotuluka kumene, akadali anthete. Mtengo umakhala utawononga nkhokwe yake popanga masambawo, ndipo sanayambe kubweza.

Musadalire kalendala ya dziko lina imene mwaiona pa intaneti. Marichi wa ku Ulaya si Marichi wa kum'mwera kwa dziko lapansi. Yang'anani mphukira za mtengo wanuwo.

5. Konzani kofikira musananyamuke

Ambiri amakumba kaye, kenako n'kumathamanga kufunafuna mobzala, mizu ili padzuwa. Timizu timauma m'mphindi zochepa chabe. Tsiku lokumba lisanafike mukhale ndi matabwa ndi misomali, dothi losefa kale, waya, ndi malo amthunzi. Kuthengo tengani fosholo yakuthwa, khasu, sowo yopinda, lumo lodulira nthambi, chitsulo chotukulira miyala, ziguduli zonyowa, pulasitiki, chingwe ndi madzi. Chikwanje ndi nkhwangwa si zodulira mizu, zimaiphwanya ndi kugwedeza dothi lonse. Ngati mukukumba pabwalo la nyumba, funsani kumene kunadutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi.

6. Kumbani

Ngati nthaka ndi youma, thirirani dzulo lake kuti dothi ligwirane. Jambulani mzere wozungulira tsinde, m'mimba mwake mukhale motalika ka 6 mpaka ka 10 kuposa kunenepa kwa thunthu. Kumbani ngalande kunja kwa mzerewo, ndipo muzu uliwonse waukulu umene mwakumana nawo muudule ndi sowo kapena lumo. Mukafika pakuya pamene timizu tathera, yambani kulowa pansi pa mtengo mpaka mutapeza muzu wapakati wolowa pansi uja. Uduleni ndi sowo. Osakoka, osapotokola thunthu. Mukamva kuti thu! pansi, dziwani kuti timizu tina tathothoka.

Mtengo ukamasuka, pendeketsani, lowetsani chiguduli pansi, mukulunge dothi lonse n'kumanga zolimba. Dothi likamagwedera paulendo limadula timizu tomwe mwavutikira tija. Dziwaninso kuti dothi limalemera. Chibuma cha masentimita 40 m'mimba mwake ndi 25 kuya chimafika pafupifupi makilogalamu 45 kapena 50, mtengo usanawerengedwe. Ganizirani za msana wanu ndi mtunda wopita kumsewu. Kwirirani dzenje musanachoke.

Mtengo wakale wa timizu tochepa mungaukumbe m'zaka ziwiri, ngati mwini malo walola. Chaka choyamba dulani mizu ya theka la kuzungulira, mudzaze ngalandeyo ndi dothi lofewa la mchenga, muusiye. Mizu yodulidwayo imatulutsa timizu pafupi ndi tsinde, pamene mbali inayo ikudyetsa mtengo. Chaka chotsatira malizani. Ndi njira yochedwa, koma imapulumutsa mitengo imene ikanafa.

7. Nthambi: zina mudule, zina musakhudze

Pano pali kusiyana kumene kwapha mitengo yambiri. Mitengo ya masamba otambalala, monga mkuyu, elm, azitona ndi bougainvillea, ili ndi mphukira zogona pansi pa khungwa. Mungadule thunthu kufika pamsinkhu umene mukufuna, n'kuchotsa nthambi zonse zikuluzikulu, ndipo idzaphukira pathunthu lopanda kanthu. Siyani utali woonjezera pang'ono, chifukwa podulapo pamauma kubwerera m'munsi. Mabala akuluakulu muwamate ndi mankhwala omatira mabala a mitengo.

Paini ndi juniper sizitero. Nthambi ya paini mukaichotsa masamba onse imafa. Ndiponso nsonga zomakula ndi zimene zimapanga mankhwala achilengedwe otchedwa auxin, amene amatsikira pansi n'kuchititsa kuti mizu yatsopano imere. Mukameta mtengo wotere poganiza kuti mukuupeputsira katundu, mwautsekera njira yochirira. Chotsani nthambi yokhayo imene ikulepheretsani kunyamula, zina zonse zikhale.

8. Bzalani tsiku lomwelo, ndipo mangani zolimba

Mbale yokongola ya bonsai ija ibwezereni pashelefu, nthawi yake idzafika patapita zaka. Khomani bokosi lamatabwa molingana ndi mizu imene mwabwera nayo, mpata wa zala ziwiri kapena zitatu mbali zonse. Anthu amaganiza kuti bokosi lalikulu ndi chifundo. Si choncho. Dothi lopanda mizu siliuma, limangokhala chinyontho, ndipo mizu yovulala imaola. Pansi pa bokosi pakhale mipata yambiri yotchingidwa ndi sefa.

Dothi lobzalira likhale la timibulu, lopanda fumbi. Ambiri amagwiritsa ntchito pumice, mwala wopepuka wa mabowomabowo wochokera kumapiri ophulika, wosefedwa kuti timibulu tikhale pakati pa mamilimita 3 ndi 6. Umasunga chinyezi koma umalola mpweya kudutsa. Akadama, dothi lofiirira la timibulu la ku Japan, ndi labwino m'mbale ya bonsai, koma limafumbutuka pakapita nthawi. Ngati zimenezi simungazipeze, sakanizani mchenga wokhakhala wotsuka, njerwa zootcha zoswa n'kusefa, ndi makungwa a paini owola pang'ono. Dothi la m'munda lokha ayi, m'bokosi limasanduka phala.

Dothi lakale limene labwera ndi mtengo nalo lili ndi malamulo ake. Pa mitengo ya masamba otambalala yopirira ija, mungalichotse lambiri ndi kamtengo kosongoka kapena madzi, makamaka ngati ndi dongo. Pa paini ndi juniper lisiyeni pafupifupi lonse. Mukaona zoyera ngati ulusi wa thonje pamizu ya paini musazitsuke, si matenda. Ndi mafangasi otchedwa mycorrhiza amene amathandiza mizu kuyamwa madzi ndi chakudya. Nsonga za mizu zophwanyika muzidulenso bwino ndi lumo lakuthwa.

Tsopano mangani. Pisani waya kuchokera pansi pa bokosi mugwire mizu ikuluikulu, ndipo ngati mtengo ndi wautali, ukokeni ndi mawaya kumakona anayi kapena mukhome thabwa louchirikiza. Pokhudza khungwa ikani kachidutswa ka labala. Yesani motere: mukagwedeza thunthu, bokosi lonse lisunthe limodzi nalo. Muzu wongomera kumene ndi wofewa ngati mphukira ya nyemba, mphepo ikagwedeza thunthu pang'ono pokha umathyoka. Thirani dothi, mulilowetse m'mipata yonse ndi kamtengo, kenako thirirani mpaka madzi otuluka pansi ayere.

9. Miyezi yodikira

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "usamaleni bwino" n'kudumpha. Komatu mitengo yambiri yokumbidwa siifera kuthengo. Imafera pakhomo, m'manja mwa munthu woikonda.

Vuto lake ndi ili. Mtengo wataya mizu yambiri, ndiye sungathe kumwa madzi okwanira, koma masamba ndi makungwa akupitiriza kutaya madzi. Inu mukaona ukufota mumathira madzi ambiri pamizu. Mizuyo singawamwe, dothi limangonyowa, mpweya umasowa, mizu yotsala ija n'kuola. Mtengo umafa ndi ludzu uli m'madzi. Choncho ntchito yanu si kuchulukitsa madzi pansi, koma kuchepetsa otayika pamwamba.

Ikani bokosi pamalo owala koma osafika dzuwa la masana, ndiponso otchingika kumphepo. Mphepo nayonso imaumitsa mtengo kwambiri. Lisakhale m'nyumba. Likwezeni pa njerwa kuti madzi azituluka ndiponso chiswe chisalowe. Mukaika, mwaika. Osamalitembenuza kapena kulisuntha kuti alendo alione.

Musanathirire, pisani chala kapena kamtengo kouma m'dothi. Kakatuluka konyowa, dikirani. Chenjerani ndi chibuma cha dothi lakale chija: pumice wa m'mbali amatha kuuma pamene pakati pali ponyowa, kapena dothi lapakati kuuma gwa, madzi n'kumangolilambalala. Yesani malo onse awiri. M'nyengo ya mvula yosalekeza, pendeketsani bokosi kapena litchingeni pamwamba.

Masamba ndi thunthu muziwaza madzi ngati nkhungu kangapo patsiku, makamaka juniper, koma madziwo asamatsikire m'dothi nthawi zonse. Chitsa cha masamba otambalala chimene chikuchedwa kuphukira mungachiveke thumba lapulasitiki kuti mkati mukhale chinyezi, n'kumalitsegula tsiku lililonse kuti mupite mpweya. Thumbalo lisaombedwe ndi dzuwa, mungaphike mtengo. Mphukira zikatuluka muziboola thumba pang'onopang'ono kwa masabata angapo, osangolivula tsiku limodzi.

Feteleza ayi, mpaka mtengo utayamba kukula mooneka. Mchere wa feteleza umawotcha mabala a mizu, ndipo mtengo wopanda timizu sungamudye n'komwe.

Ndiye pali chinyengo chimene chinandipusitsa inenso. Patapita masabata atatu kapena anayi, chitsa chimatulutsa mphukira zobiriwira bwino, inu n'kusangalala kuti wagwira. Nthawi zambiri umakhala usanagwire. Mphukira zimenezo zimachokera m'chakudya chosungidwa m'thunthu, monga chipika chodulidwa chimaphukira chili pamulu wa nkhuni. Mtengo wanga wachiwiri ndinauwona utaphuka chonchi, ndinautulutsa padzuwa, n'kuupatsa feteleza, n'kuyamba kusankha nthambi. Patatha mwezi umodzi masamba onse anagwa pamodzi. Nditauzula ndinapeza kuti panalibe muzu watsopano ngakhale umodzi.

Zizindikiro zenizeni ndi izi. Mphukira zikupitiriza kutalika, masamba akukhwima, kenako kukutuluka ena kachiwiri. Dothi likuuma msanga kuposa kale, kusonyeza kuti pali chimene chikumwa. Timizu toyera tikuonekera m'mipata ya pansi pa bokosi. Musafukule kuti muone mizu, ngakhale mtima ufune bwanji. Juniper ndiye wonyenga kuposa onse, amatha kukhala wobiriwira kwa miyezi ingapo atafa kale. Pa iye yang'anani nsonga zatsopano zowala. Mtundu ukayamba kutuwa, zinthu sizili bwino.

Koma musafulumirenso kutaya. Mitengo ina, monga azitona, imatha kukhala duu kwa miyezi yambiri kenako n'kudzuka. Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo pamalo obisika. Pansi pake pakakhala pobiriwira ndi ponyowa, moyo ulipo, pitirizani kusamala.

Mukaona zizindikiro zenizeni zija, yambani kuuzoloweza dzuwa la m'mawa, ola limodzi kapena awiri, n'kumaonjezera sabata ndi sabata. Feteleza muyambe ndi wochepa mphamvu, theka la mlingo wolembedwa papaketi. Muziyang'ananso tizirombo, chifukwa mtengo wofooka umaitana nsabwe za m'masamba ndi tofukula thunthu. Utuchi wosalala patsinde ndi chizindikiro chakuti china chake chalowa mkati.

10. Waya ndi lumo zidikire

Chaka choyamba chonse musadule kanthu, ngakhale mphukira yatuluka pamalo oipa. Tsamba lililonse likupanga chakudya chomangira mizu. Chokhacho chimene mungachite pa mitengo ya masamba otambalala ndi kuchotsa mphukira zochuluka zotuluka pamalo amodzi, kusiya imodzi kapena ziwiri, kuti pasatupe chotupa chonyansa.

Mkuyu kapena bougainvillea wamphamvu mungayambe kumuumba chaka chachiwiri. Paini ndi juniper wakale mupatseni zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mudikire mpaka atakula mwamphamvu nyengo yathunthu. Mukayamba, chitani ntchito yaikulu imodzi pachaka: mukapinda nthambi chaka chino, mizu idikire chaka chamawa. Dothi lakale lija la paini muzilichotsa mbali imodzi pa kuwokera kulikonse, theka ulendo uno, theka linalo patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Likatha lonse, ndipo timizu tadzaza pafupi ndi tsinde, yezani chibumacho m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake, mukafune mbale yolingana ndi miyeso imeneyo.